ZOWONERA: Malume Fred akadafera ku Malingunde

Filimu ya On Becoming a Guinea Fowl imayamba ndi mtsikana akuyendetsa galimoto usiku, yekhayekha, pamsewu wa zii. Akuchokera kuphwando ndipo wavala chisuti chakuda chofufuma ngati chibaluni, chonga chija Missy Elliott adavala mu vidiyo ya nyimbo yake ina mu 1997. Magetsi a galimoto awunika munthu ali gone pamsewu. Mtsikanayo, dzina lake Shula, aima, atuluka, ayang'ana. Ndi malume ake, a Fred, ndipo atisiya. Shula sakulira, sakukuwa, sakugwira kumutu. Abwerera m'galimoto nkuimbira foni bambo ake, amene m'malo mothamangira kumeneko akuyamba ndi kupempha kuti awatumizireko ndalama.

Munthu wokulira kuno safunika kuuzidwa kuti pamenepo pali nkhani. Malume ako sangagone pamsewu iwe m'maso muli gwa, pokhapokha ngati pali chimene malumewo adachita. Filimu yonse, ola limodzi ndi theka ndi timphindi pang'ono, ikuyankha funso limenelo mwapang'onopang'ono, uku maliro akuyenda monga maliro amayendera. Ndinene msanga maganizo anga, kuti amene bandulo yawatsalira pang'ono asavutike kufika kumapeto: mwa mafilimu onse amene ndaonera zaka ziwiri zitatu zapitazi, iyi ndiyo yanena zambiri za ife, ngakhale si ya ku Malawi. Anthu ake amalankhula Chibemba ndi Chingerezi.

Adailemba ndi kuitsogolera ndi Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka amene adakulira ku Wales. Ena mukumukumbukira ndi I Am Not a Witch ya 2017, ija ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, komangidwa chinsalu choyera kumsana ati kuti kasawuluke, imene idamupatsa mphotho ya BAFTA mu 2018. Yatsopanoyi idaonetsedwa koyamba ku Cannes, ku France, mu May 2024, ndipo kumeneko Nyoni adalandira mphotho ya wotsogolera filimu wabwino m'gawo la Un Certain Regard. Amene akusewera Shula, Susan Chardy, aka kanali koyamba kuonekera mu filimu, komatu simungadziwe. Nkhope yake siisuntha kwenikweni, koma ukamuyang'ana m'maso umaona munthu amene wakhala akumeza mawu kuyambira ali mwana.

Kukangocha, maliro alanda nyumba. Mipando ya pabalaza yatulutsidwa, azimayi ayala matiresi pansi, abambo akhala pabwalo kudikira mbale. Shula ayesa kuthawira ku hotela kuti azigwira ntchito yake pa laputopu, koma alongo awo a malemu amulondola konko nkumubweza, uku akumudzudzula kuti wasamba bwanji maliro asanaikidwe. Mu filimuyi azimayiwa amatchulidwa kuti ma auntie, koma ife tikudziwa kuti mkulu kapena mng'ono wa mayi ako si azakhali. Ndi amayi aakulu kapena amayi aang'ono, ndipo mawu awo ndi olemera chimodzimodzi ndi a mayi wokubereka. Wowonera wa ku London akuona ma auntie ovuta. Ine ndinkaona mtsikana wa amayi ambirimbiri, onse akumuuza chinthu chimodzi.

Chimene Nyoni wachigwira bwino kwambiri ndi ntchito ya pamaliro. Mafilimu ambiri akafika pamaliro amationetsa bokosi, nkhata za maluwa ndi abusa. Iyeyu watilowetsa kukhitchini. Ndani akusenda anyezi, ndani akunyamula madzi otentha, ndani akugwada popereka mbale kwa abambo amene akusankha ndiwo ngati ali mu lesitilanti. Pitani pamaliro alionse kuno, kaya ku Malingunde, kaya kuseri kwa msika wa Mitundu, mukapeza zomwezo: adzukulu ali kumanda kuyambira mbandakucha, amayi a mpingo achezera kuimba, atsikana akupita ndi kubwera kumjigo mpaka khosi kuuma, ndipo pali kagulu kena ka azimayi kamene ntchito yake ndi kuyeza kaliridwe ka anzawo. Uyu walira mokwanira, uyu wangolira pang'ono, uyu sadagwe pansi pamene bokosi limatuluka. Pofika tsiku lometa, aliyense amakhala atapatsidwa malikisi ake.

Mkati mwa piringupiringu ameneyo ndi momwe chinsinsi chikutulukira, osati ndi ng'oma koma m'timawu ta apa ndi apo. Malume Fred ankagwiririra ana aakazi a m'banja lomwelo. Nsansa, amene Elizabeth Chisela wamusewera mochititsa kaso, amafotokoza zake ataledzera, akuseka chikhakhali ngati ndi nthabwala ya pa bala, ndipo iwe wowonera umayamba waseka nawo kenako nkuchita manyazi. Bupe, wamng'ono pa onse, wophunzira ku koleji, amajambula kavidiyo pa foni kufotokoza zimene adachitidwa, nkuyesa kudzichotsera moyo. Apulumuka. Ndiye chimene chidandiwawa kuposa zonse ndi ichi: posakhalitsa tikumuonanso ali pasiwa, akugwira ntchito limodzi ndi anzake, pokonzekera kuika m'manda mwaulemu munthu yemweyo.

Abemba, monga ife Achewa, amawerenga mtundu kuchokera kwa mayi. Kwathu kuno malume si mlendo wobwera ndi paketi ya shuga pa Khirisimasi ayi. Ndi mwinimbumba. Ndiye amakhala nkhoswe pa ukwati wa mphwake, ndiye amakamba za malo a banja kwa amfumu, ndiye amaitanidwa mwana akalakwa kwambiri kapena akatenga pathupi. Kale ankati bambo ndi mkamwini chabe, ana ndi a kwa malume. Zinthu zasintha, chitengwa chachuluka, abambo ambiri ndiwo akulipira fizi, koma ulemu wa malume sudathe. Tsono taganizani: mwana wachitidwa zoipa ndi munthu amene mwambo udamuika kuti ndiye woweruza. Akanene kwa yani? Kwa mayi ake, amene wolakwayo ndi mlongo wawo wa bere limodzi, mwinanso ndiye amawagulira feteleza? Filimuyi siikunena kuti amalume onse ndi zilombo, ndipo inenso sindikutero. Ambiri a ife tidaphunzira ndi ndalama ya fodya ya amalume. Ikungoonetsa chimene chimachitika mlonda ndi wakuba akakhala munthu mmodzi.

Pali gawo lina limene ndalibwereza katatu. Atsikana aja abisala m'kachipinda kosungira zakudya, pakati pa matumba ndi zitini, ndipo amayi awo aja alowa mmodzimmodzi mpaka kachipindako kudzaza. Apa ndi pamene zidziwika kuti akuluakuluwo ankadziwa. Ankadziwa kalekale. Akuti adamulankhula mlongo wawoyo. Akulira, akuwakumbatira ana awo, akuwauza kuti amawakonda, ndipo ukuona kuti sakunama. Chikondicho n'chenicheni. Koma atatuluka m'kachipindamo, maliro apitirira monga mwa dongosolo. Wolemba waulesi akadawapanga azimayiwa kukhala mfiti zoipa mtima kuti tizidane nazo bwinobwino nkugona tulo. Nyoni wawasiya akhale amayi athu enieni, okoma mtima, otopa, amene adaphunzitsidwa kuti za m'nyumba sizituluka panja ndipo womwalira sanenedwa zoipa. N'chifukwa chake gawoli limaluma.

Ndiye pali mkazi wamasiye. Mkwiyo wonse umene banjali lalephera kuupereka kwa malemu lautsanulira pa iye. Ndi mtsikana wamng'ono zedi, ali ndi ana ambiri, ndipo ukawerengera zaka umaona kuti adatengedwa akadali mwana. Nayenso ndi mmodzi mwa ogwiriridwa, kungoti iye adapatsidwa dzina loti mkazi wa a Fred. Alamu ake akuti sankawaphikira amuna ake, sankawasamala, n'chifukwa chake afera pamsewu ngati munthu wopanda kwawo. Abale a mkaziyo akusalidwa pamaliro pomwepo, pogona ndi pa chakudya pomwe. Pamapeto mabanja awiriwa akhala pansi, ndipo nkhani imene yatenga mphamvu za akuluakulu onse si ya ana ogwiriridwa ayi, koma ya nyumba ndi katundu.

Izinso si za ku Zambia kokha. Kuno lamulo la chuma cha masiye la 2011 limanena poyera kuti kulanda katundu wa womwalira kwa mkazi ndi ana ake ndi mlandu, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Zonsezo zili pa pepala. Koma amene adakhalapo pa zokambirana za pambuyo pa maliro, pansi pa mtengo wa mango, akudziwa kuti lamulo silikhala nawo pamkeka. Pamakhala njinga yamoto, malata, ng'ombe ziwiri ndi ngolo, ndi munthu wina amene pa matenda sadaonekeko koma akudziwa ngakhale chiwerengero cha mbuzi. Ndipo poti ino ndi nkhani ya m'magazini osati filimu, ine ndikhoza kunena mosabisa chimene Nyoni sadanene: nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za nkhanza kwa ana, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit.

Nanga nkhanga ikubwera bwanji? Shula amakumbukira pulogalamu ya ana ya pa TV imene ankaonera ali wamng'ono, momwe ankaphunzitsa kuti nkhanga ikaona chilombo imalira mokweza kuchenjeza nyama zinzake. Wa ku Malingunde safunika pulogalamu kuti adziwe zimenezi. Amene amaweta nkhanga akudziwa kuti ngakhale mphamba angodutsa m'mwamba, mudzi wonse umva. N'chifukwa chake ena sazifuna pakhomo, ati zimasokosa. Mutu wa filimuyi ukunena zomwezo: kusanduka nkhanga ndi kuvomera kukhala wosokosa wa m'banja, uja amati wabwera ndi za kusukulu, alibe mwambo. Mmene Shula amasandukira sindikuuzani, mukaone nokha. Ndingoti mphindi zomaliza zilibe wapolisi, zilibe woweruza, zilibe abusa odzaomba mkota, ndipo filimu ikuthera pamene ine ndinkati ndewu ikuyamba kumene.

Sikuti zonse ndazikonda. Pali magawo a maloto, madzi osefukira m'zipinda ndi zina zotero, amene kwa ine akuoneka ngati adaikidwamo kuti asangalatse oweruza a ku Cannes. Nkhaniyi inali yolemera kale popanda zimenezo. Chachiwiri, Shula ndi wa ndalama. Ali ndi galimoto, ali ndi ntchito ya pa laputopu, akhoza kulipira hotela. Akalankhula nkukanidwa ndi abale, mawa adya ndithu. Nanga mtsikana wa Fomu 2 wa kuno, amene fizi, sopo ndi yunifomu zimachokera m'thumba la malume omwewo, kulira kwa nkhanga kungamudyetse chiyani? Filimuyi imamuonetsa mtsikana woteroyo kudzera mwa mkazi wamasiye uja, koma siimupatsa mpata wokwanira woti alankhule. Ndikadakonda mphindi khumi zina zikadakhala zake. Komanso dziwani kuti si filimu yoonera ndi ana aang'ono, ndipo kwa amene adadutsa m'zoterezi ikhoza kutokosa chilonda.

Kachiwiri ndinaionera pa laputopu ndi amayi anga aang'ono, ine ndikumasulira apa ndi apo. Koyambirira ankaseka, makamaka pa za bambo ake a Shula opempha ndalama, ati abambo oterewa ali m'mudzi uliwonse. Titafika pa kachipinda ka zakudya kaja anasiya kuseka. Itatha sananene kuti ndi yabwino kapena yoipa. Anangofunsa ngati ili ndi gawo lachiwiri, ndipo nditati ayi, anadandaula kuti ndiye yatha bwanji osatiuza phunziro lake. Patapita masiku awiri, tikutong'ola chimanga pakhonde, anayambitsa okha nkhani ya filimuyo, nkutchula maliro ena a zaka za m'mbuyo amene mbali yake ina ine ndinali ndisanaimvepo.

Funso lawo lija la phunziro ndi limene ndikufuna tikambirane, chifukwa ndiwo matenda a mafilimu athu ambiri. Tidakulira zisudzo zophunzitsa. Pa wailesi panali Zimachitika ya a Story Workshop, pa kanema panali Tikuferanji ya a Michael Usi, a Manganya aja amene adadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Zisudzo zimenezo zidagwira ntchito yaikulu nthawi imene Edzi inkatha anthu, ambiri akuopa ngakhale kuitchula dzina, ndipo sindizinyoza ngakhale pang'ono. Koma zidatisiyira chizolowezi. Popeza ndalama zambiri zopangira masewero zinkachokera ku mabungwe, ndipo bungwe limafuna uthenga wake umveke, tidazolowera kuti sewero lithe ndi munthu wovala bwino, kaya namwino, kaya amfumu, kaya mphunzitsi, woima pakati nkutifotokozera zimene tangoona kumene. Woipa amangidwe kapena adwale, wabwino apeze ntchito, nyimbo yachisoni ilire, basi. Wowonera umadzuka mtima uli m'malo. Ngongole yonse yalipidwa mu filimu momwemo, palibe chotsala choti upite nacho kunyumba.

Tengani Fatsani ya Gift Sukez Sukali, ya 2020, imene dziko lino lidatumiza ku mpikisano wa Oscar. Ndimaikonda filimu imeneyi. Zithunzi zake ndi zoyera, msika wake ndi msika weniweni, ndipo Hannah Sukali akamayenda ndi nthochi zake sukayika kuti ndi mwana woti sukulu yake yatsekedwa. Koma yasenza katundu wambiri: ziphuphu, ukhondo wa pasukulu, mavuto a mavenda, umphawi, zonse pamutu pa kamtsikana kamodzi. Pena umamva ngati ukuwerenga lipoti lokhala ndi zithunzi zokongola.

Shemu Joyah ndi amene kwa ine amayandikira kwambiri kumukhulupirira wowonera. The Road to Sunrise ya 2017, ya atsikana awiri oyendayenda mu Blantyre, idapambana mphotho ya filimu yabwino ya kum'mwera kwa Africa ku Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2018, patangopita zaka ziwiri Joyce Mhango Chavula atatenga mphotho yomweyo ndi Lilongwe. Chimene Joyah adachita bwino n'choti Rubia, amene Mirriam Phiri adamusewera, ndi munthu poyamba, wa ukali wake ndi chifundo chake, osati chithunzi cha pa bolodi cha zimene mtsikana asamachite.

Achinyamata a 4Kaya Films abweretsa china chimene akuluakuluwa adavutika nacho: anthu owonera. School Days idayenda pa YouTube ndi m'mafoni mpaka m'midzi, ndipo Welcome to Maula Prison ya 2025 idakambidwa m'minibasi ndi pa Facebook ngati mpira wa Bullets ndi Wanderers. Zimenezo si zazing'ono. Kwa zaka zambiri tinkati Amalawi sakonda mafilimu akwawo, pamene vuto linali loti mafilimuwo ankaonetsedwa usiku umodzi mu hotela ya m'tauni, pa mtengo woti wa kumudzi sangaufike, kenako nkusowa. Chichewa cha m'mafilimu a anyamatawa ndi chimene timalankhula pa depoti, osati cha m'buku la Sitandade 6, ndipo ndicho chikoka chawo chachikulu. Pempho langa kwa iwo ndi limodzi: poti anthu mwawapeza, musawaope. Musamafulumire kutitonthoza.

Wina anena kuti aaa, anthu safuna filimu yosatonthoza, mavuto ali nawo kale kunyumba. Nanga Adolescence bwanji? Sewero la ku Britain la magawo anayi, lidatuluka pa Netflix mu March 2025, gawo lililonse lojambulidwa kamera osaidula ngakhale kamodzi. Mnyamata wa zaka 13 wamangidwa pomuganizira kuti wapha mtsikana wa pasukulu pake, ndipo pofika kumapeto kwa gawo loyamba tadziwa kale kuti adachitadi. Magawo otsalawo ndi a funso loti chifukwa chiyani, ndipo yankho lathunthu silibwera. Bambo ake, amene Stephen Graham wawasewera, ankaganiza kuti mwana akakhala m'chipinda ndi foni ndiye kuti ali pabwino. Anthu adakamba za seweroli kwa miyezi, chifukwa chomwecho choti lidasiya makolo ndi funso m'manja.

Kufulumira kutonthoza si kwa ife tokha. The Boy Who Harnessed the Wind idatuluka pa Netflix mu March 2019, ndipo tonse tidaseka katchulidwe ka Chiwetel Ejiofor ndi mnyamata wa ku Kenya uja, Maxwell Simba. Zoonadi, pena umachita kuwerenga Chingerezi cha m'munsi kuti umve Chichewa chako chomwe, ndipo Lily Banda akangotsegula pakamwa khutu limapuma. Koma kwa ine katchulidwe ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi mathero. Filimuyi ndi yamphamvu pamene ikuonetsa njala ya 2001 ndi 2002 ku Wimbe, ku Kasungu: banja likudya kamodzi pa tsiku, anthu akukanganirana chimanga pa msika wa boma, mfumu ikumenyedwa chifukwa chonena zoona pa msonkhano wa pulezidenti. Kenako mphepo izungulitsa makina, madzi atuluka, mbewu zimera, mitima ikhala pansi. M'moyo weniweni makina oyamba a William Kamkwamba adayatsa mababu m'nyumba. Zopopa madzi zidabwera pambuyo pake. Adasintha kuti nkhani ithe mokoma, njala igonje kwa mwana mmodzi wanzeru. Ife amene timaona mizere ya chimanga chaka chilichonse cha chilala tikudziwa kuti sizitha choncho.

Pa mafilimu a zochitika zenizeni, imene ndingakulimbikitseni ndi The Ants and the Grasshopper ya 2021, ya Raj Patel ndi Zak Piper. Tidazolowera kuti mlendo abwere ndi kamera kudzationa ife. Umu zatembenuka: Anita Chitaya, mlimi wa ku Bwabwa kufupi ndi Ekwendeni, ndi Esther Lupafya wa bungwe la Soils, Food and Healthy Communities, ndiwo akukwera ndege kupita ku America kukaona alimi a kumeneko ndi kuwafunsa ngati akudziwa chimene kusintha kwa nyengo kukuchita m'minda ya ku Mzimba. Ena akuwalandira bwino koma akukana kuti vutolo liliko. Mayi Chitaya sakalipa. Amangowayang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko n'chimodzimodzi ndi kwa Shula. Gawo limene lidandigwira mtima si la ku America koma la kumudzi, pamene akulimbana ndi abambo a m'mudzi mwawo kuti nawonso azitunga madzi ndi kuphika. Nkhanga ina imeneyo. Ndipo filimuyi siinamizira kuti ulendowo udasintha America.

Vuto ndi lakuti zonse ndatchulazi, kupatula za pa YouTube, kuzipeza kuno ndi ntchito. Ku Malingunde kulibe nyumba ya kanema, ku Mitundu kulibe, ku Nathenje kulibe. Chimene tili nacho ndi mavidiyo sho a pa tiredingi senta, mabenchi mkati sipika panja, ndi anyamata oika mafilimu m'memori khadi. Netiweki pena imafuna ukwere pachulu, ndipo filimu imodzi ya pa intaneti imadya bandulo yoti ukadagwiritsa ntchito sabata yathunthu. Ndiye n'zosadabwitsa kuti mwana wa kuno amadziwa mafilimu a nkhondo a ku China ndi a chikondi a ku India omasuliridwa m'Chichewa kuposa filimu yojambulidwa ku Zambia konkuno, kumene basi ya ku Lusaka imapita kudzera pa Mchinji ndi Chipata. Filimu yonena za maliro athu idafika m'nyumba za kanema za ku London ndi New York, koma pa benchi ya ku Mitundu ayi.

Anyamata omasulira aja ndimawapatsa ulemu wawo, ngakhale nkhani ya umwini wa mafilimuwo ili apo. Iwo ndi amene adazindikira kalekale kuti anthu amafuna kumva filimu m'chilankhulo chawo, ndipo nthabwala zawo pena zimaposa filimu yeniyeniyo. Koma ndakhala ndikuganiza kuti On Becoming a Guinea Fowl itagwa m'manja mwawo ingatuluke bwanji. Luso lawo ndi kudzaza mpata uliwonse ndi mawu: munthu akangokhala chete pa sikirini, iwo amamuikira zoti anene, nkuwonjezera dzina la msika wa kwanuko kuti museke. Pamene filimuyi mphamvu yake ili pa kukhala chete komweko, pa Shula ali m'galimoto usiku kuyang'ana kutsogolo, mtembo wa malume uli poteropo. Imeneyi ikufunika Chichewa cholembedwa m'munsi, kapena womasulira wodziwa kutseka pakamwa.

Ophunzira a ku Bunda ali ndi maholo ndi mapulojekita pafupi pomwepa, ndipo magulu a achinyamata a m'mipingo ali ndi ma TV amene amangoonetsera mpira ndi makwaya. Atapempha chilolezo kwa eni filimu nkuionetsa Loweruka lina masana, ine ndingabwere ndi amayi anga aang'ono. Ndingopempha kuti ikatha pasakhale mlendo wolemekezeka wodzatifotokozera phunziro lake. Mungotsegula zitseko, anthu azipita kwawo.